Musagone, a Likoswe

Sonkhezerani motowo, ndipo amene muli ndi mafoni m'manja muwaike m'matumba. Nkhaniyi sindinachite kuuzidwa. Ndinaliko ndekha, ndipo ndikuuzani zokhazo zimene maso anga anakwanitsa kuona.

Ndinayamba ntchito mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pakampani ina yaing'ono mu Blantyre. Kampaniyo inkapereka magetsi kumidzi yakutali, kwina pogwiritsa ntchito mitsinje ya kumapiri, kwina masola. Mwini wake anali bambo Fostino Gwaza, munthu wamtali, woyankhula mofatsa, wokonda malaya oyera osita bwino. Akamaseka, ankaseka ndi mano okha.

Tsiku loyambalo ananditengera kuchipinda choyesera, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. M'menemo munali kabati yachitsulo yaitali kuposa munthu. Mkati mwa kabatiyo munali kompyuta imene inkatsanzira mudzi wathunthu: mapolo, mawaya, thiransifoma, chigayo ndi nyumba za anthu. Mudziwo unali wa masamu okhaokha, koma magetsi otuluka m'kabatimo anali enieni, oti atakugwira sungadzuke. Tinkalumikizako chipangizo chenicheni kuti tione mmene chikachitire chisanapite kwa anthu.

Vuto la makina oterewa ndi lakuti kompyuta ndi chipangizo ziyenera kuyankhana nthawi yomweyo. Kompyuta ikachedwa pang'ono pokha, mochepera kuphethira kwa diso, ziwirizo zimayamba kukangana ngati anthu a pafoni yochedwetsa mawu: uyu akamayankha funso loyamba, winayo ali kale pachina. Magetsi amayamba kukwera ndi kutsika, kabati n'kumalira, mapeto ake zonse zimazima. Pofuna kuziziritsa mkanganowo timaika sefa pakati, kabokosi ka tizipangizo tosalaza magetsi. Sefa yopyapyala imathandiza. Sefa yokhuthala imabweretsa bata, koma imameza ndi zoona zomwe, makina n'kumakuonetsa njira yosalala pamene kunja kuli zigwembe.

Pabenchi, tebulo logwirirapo ntchito pafupi ndi kabatiyo, panali chinthu chimene kampani inkanyadira nacho, chodulira magetsi chimene a Gwaza anapanga okha. Ntchito yake inali imodzi: waya akaduka n'kugwera pansi, kapena munthu akagwidwa, chizimitse magetsi nthawi yomweyo. Pamaso pake panali kanyali kobiriwira, kamene kankafiira chikadula. Chinzake chofanana nacho chinali chitaikidwa kale kumudzi wina kuseri kwa Phalombe.

"A Nachisale," anatero a Gwaza, "amene ankakhala pampando wanuwu anali Zakeyu Likoswe. Mutu anali nawo, koma botolo. Dzinja lapitali anagwira waya wamoto ku Phalombe konko ataledzera. Chimwalirireni iyeyo makinawa sakukhazikika. Mwezi wamawa kukubwera alendo amene amatithandiza, akufuna chodulirachi tichiike m'midzi ina yambiri. Ntchito yanu ndi kuwakhazika mtima pansi makinawa. Sefayo musaichepetse. Ngati n'kotheka muikulitse."

Ndinavomera. Ndinali mlendo, ndipo ntchito ndinali nditaisowa nthawi yaitali.

Choyamba kuchiona chinali chinyontho. Mmawa uliwonse pansi pa benchi pankakhala ponyowa, malo oti munthu angaimepo miyendo iwiri. Denga silinkadontha, mpopi munalibe, ndipo kunja fumbi linali kobo. Ndikagwada n'kununkhiza, ndinkamva matope, matope ofiira a kumapiri, ndi kafungo kena ka mphira wopserera. Mayi wosesa nditamufunsa anangoti, "Umo ine ndinasiya kulowamo," n'kupitiriza kukolopa pakhonde osandiyang'ana.

Kenako tizipangizo ta musefa tinayamba kusowa. Ndikatsekula kabokosiko ndinkapeza kamodzi kachoka. Sikuti kazulidwa ndi mphamvu ayi. Kachotsedwa mwaukhondo, ndi dzanja lodziwa ntchito. Ndikaika kena, mawa lake tasowa tiwiri. A Gwaza anayamba ndi kukayikira alonda, kenako ine, kenako anasintha loko wa chitseko. Tizipangizoto tinapitiriza kusowa.

Koma chimene chinandichotsa tulo chinali pasikirini. Masana alionse, dzuwa likangopendeka, m'mudzi wa masamu uja pafupi ndi chigayo pankaoneka magetsi akudontha kulowa pansi. Ine sindinalembe zimenezo m'kompyuta. Ndinafufuza paliponse, sindinapeze amene anazilamula. Magetsi odonthawo anali ambiri kuposa a nthambi yonyowa yokhudza waya, koma ochepa kuposa a waya wogwera pachitsulo. Ndinayamba kuwerengera kuti n'chiyani chingadutsitse mlingo umenewo, ndipo ndili pakati ndinasiya, chifukwa yankho linali litaonekeratu: thupi la munthu wovala jombo zonyowa.

Zikamachitika, kulira kwa kabati kunkasintha. Kunkatsika n'kukhala ngati kubuula kwa munthu amene mano alumana, akufuna kuitana koma pakamwa pakukana kutseguka. Zinkatenga kanthawi, kanthawi kotalika moti unkafuna kuthawa, kenako zii.

Tsiku lina a Gwaza analowa zikuchitika. Anaima pakhomo, anamvetsera, thukuta n'kuyamba kutsika m'khosi mwa malaya oyera aja.

"Ndi kuchedwa kwa kompyuta kumeneko," anatero. "Kulitsani sefa."

Anatuluka osatseka chitseko.

Pageti pankakhala mayi wina. Poyamba ndinkamuyesa wogulitsa nthochi, koma analibe dengu. Ankafika masana atavala zakuda, n'kukhala pamwala moyang'anana ndi zenera la ofesi ya a Gwaza. Alonda anali atatopa n'kumuthamangitsa. Tsiku lina ndikuweruka anandiitana.

"Achemwali, ndinu mwakhala pampando wa amuna anga?"

Ndinaima. Iye anasendera pamwalapo kuti ndikhale.

"Ine ndine Estere, mkazi wa a Likoswe. Akuuzani kuti anali chidakwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Amuna anga ngakhale thobwa likangowawasa ankalikana." Ankayankhula mosakweza mawu, maso ali pazenera lija. "Tsiku limenelo ndinali nawo kumudziko, ndinawapititsira zovala. Masana kunabwera mvula yamphepo. Waya wopita kusukulu anaduka pafupi ndi chigayo n'kugwera panjira, m'matope. Chigayo chinali chikulirabe, azimayi akutuluka ndi ufa pamutu. Amuna anga, atavala jekete lawo la mvula lachikasu, anathamanga kukawabweza, akukuwa kuti asapondepo. Azimayi anabwerera. Iwo ndi amene anaterereka. Achemwali, ndinaima poteropo ndikuwaona akunjenjemera, mano atalumana, maso ali pa ine. Anthu ankati chodulira chidula pompano, chidula pompano. Sichinadule. Mpaka munthu wina anachita kuthamanga kukatseka madzi opangira magetsiwo kumtsinje."

Anapitiriza, maso akadali pazenera lija.

"Asanapite kumeneko anali atandiuza kuti makina a kuntchito akunama, kuti bwana wakulitsa sefa dala kuti alendo aone zokoma, ndipo iwo atatsutsa anawatumiza kumudzi. Ine za sefa yanuyo sindizidziwa, ndimadziwa ya ufa. Koma pamaliropo, a Gwaza anaimirira pamaso pa ana anga, pamaso pa mpingo wonse, n'kunena kuti, abale tiphunzirepo, mowa ndi magetsi siziyendera limodzi. Mwana wanga wamkulu kusukulu akumutcha mwana wa chidakwa."

Apa anatembenuka n'kundiyang'ana. M'maso mwake munalibe misozi ngakhale pang'ono.

"Atatha kukwirira, anthu akubalalika, ine ndinagwada pamtumbira. Ndinati, a Likoswe, musagone. Dzina lanu lili m'matope. Musagone mpaka amene analiponyamo alitole ndi dzanja lake. Abale akhala akundikakamiza kuti timete, timalize maliro. Ndakana. Zakudazi sindivula."

"Nanga ine mukufuna nditani, mayi?" ndinafunsa.

"Palibe. Ingogwirani ntchito yanu bwinobwino. Zinazo akuchita okha."

Kuyambira mawa lake ndinasiya kulimbana ndi sefa, n'kuyamba kulimbana ndi kuchedwa kwenikweniko. Ndinafupikitsa zingwe zapakati pa kompyuta ndi benchi. Ndinachotsa masamu osafunika amene ankailemetsa, ndipo otsalawo ndinawagawa kuti aziwerengedwa pamodzi, osati kudikirana pamzere. Kuchedwa kumene sikukanachoka ndinakuyeza bwinobwino, n'kuiphunzitsa kompyuta kuti izikuwerengeratu poyankha. Kuchedwa kukachepa, ndinkapyapyalitsa sefa pang'ono n'kumvetsera. Kabati ikalira, ndinkabwerera m'mbuyo n'kufufuza pena. Inali ntchito ya masiku ambiri, yoboola mutu.

Panali chingwe chimodzi chimene chinandizunguza. Kulikonse kumene ndinkachilumikiza, magetsi ankagwedezekabe. Masana ena ndinatuluka kukamwa madzi, nditakhoma chitseko ndi manja angawa. Pobwerera ndinapeza chingwecho chasamutsidwa, chalowetsedwa pabowo limene sindinaliganizirepo. Mizere ya pasikirini inali itakhazikika ngati madzi a m'chitsime. Mpando wanga unali utakankhidwira pambali, ndipo pokhalira pake panali ponyowa.

Ndinafuna kukuwa, koma chimene chinatuluka pakamwa panga chinali china.

"Zikomo," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo sefa sinasowenso kanthu. Inali itapyapyala kufika pamene inayenera kukhala.

Tsopano makina anali okhazikika komanso onena zoona, choncho ndinayesa chodulira chija. Ndinazimitsa chigayo m'mudzi wa masamu, n'kugwetsa waya. Kha! Chinadula, kanyali n'kufiira. Ndinayatsa chigayo, n'kugwetsanso waya. Kanyali kanakhalabe kobiriwira. Ndinabwereza, ndinabwerezanso. Chigayo chikamalira, magetsi amadzaza phokoso, ndipo m'phokosomo chodulira cha a Gwaza chinali gonthi. Sefa yokhuthala ija inkameza phokosolo m'chipinda choyesera, chodulira n'kumaoneka ngati chamakutu akuthwa. Kumudzi kunalibe sefa yomeza kanthu.

Ndinawaitana a Gwaza n'kuwaonetsa. Anayang'ana kanyaliko nthawi yaitali.

"Ndinakuuzani kuti sefa musaichepetse."

"Bwana, chimene chili ku Phalombe n'chimodzimodzi ndi ichi. Lero lino anthu akuyenda pansi pa mawaya amenewo, ndipo mvula ili pafupi."

"A Nachisale, inu mwabwera dzulodzuloli. Alendo akapita tidzakonza. Koma akabwerera osakhutira, kampani yatha. Inu, ine, ndi anthu onse mukuwaona panjawa."

"A Likoswe munawauzanso chomwecho?"

Anatuma galimoto kukagula tizipangizo tatsopano, anavula wotchi, n'kukhala pabenchi okha. Anamanga sefa yokhuthala kuposa yoyamba ija, anaitsekera m'bokosi lachitsulo, anakhoma ndi loko, kiyi n'kumuponya m'thumba la malaya. Ine ndinatuluka panja n'kuimbira foni a komiti ya magetsi kumudzi kuja, kuwauza kuti mvula ikayamba azizimitsa chigayo. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti alendo akabwera ndidzanena zonse, ntchito ithe ngati itha.

Madzulo amenewo a Gwaza anandikakamiza kuti andiperekeze pagalimoto. Ndinadziwa kuti akufuna kundinyengerera. Dzuwa linali litangolowa, kunja kukuonekabe. Anayamba kukamba za kukwezedwa pantchito, za maphunziro akunja. Tili pamsewu wopita ku Limbe, mawu awo anaduka pakati.

"Mukumuona uyo?"

Kutsogolo, m'mphepete mwa msewu, pansi pa mawaya, munthu wina ankayenda atavala jekete la mvula lachikasu, chipewa chake chitaphimba mutu. M'kutentha konse kuja. Tinamudutsa. Sindinaone nkhope, ndinangoona kuti jeketelo linkanyezimira ngati lanyowa kumene.

A Gwaza anaponda moto. Tinadutsa sitolo zingapo, tinakhota, ndipo patsogolo pathu, pansi pa mawaya omwewo, jekete lachikasu linali likuyenda. Silinkafulumira. Mavenda a m'mbali mwa msewu sankalipatukira, koma galu wina amene anagona pafupi ndi polo anadzuka n'kuthawa mchira uli pakati pa miyendo.

"Amafanana majeketewa," anatero a Gwaza, koma chiwongolero chinkawaterera m'manja.

Titaliona kachitatu, anaimika galimoto pakati pa msewu.

"Tsikani, a Nachisale. Kwerani minibasi."

Ndinatsika. Pamene ndinkatseka chitseko ndinaona kuti kalilole wa mkati anali atamutembenuzira kudenga, kuti asaone mpando wakumbuyo.

Tsiku la alendo linafika kumwamba kutachita mdima wa mitambo, mvula yoyamba ikununkhira. Anabwera anthu angapo, azungu ndi akuda, ndi mabaji pachifuwa. A Gwaza anali ataonda, maso atalowa, koma malaya anali oyera monga mwa masiku onse. Tinalowa m'chipinda choyesera masana. Nditacheuka ndinaona Estere ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Mmene anadutsira pageti, alonda mpaka lero amati sakudziwa.

A Gwaza anayatsa makina okha, osalola kuti ndigwire kanthu. Anafotokoza mokoma. Anayatsa chigayo m'mudzi wa masamu, anagwetsa waya, ndipo chodulira chinati kha! Alendo anaomba m'manja. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe kunena zanga.

Madontho oyamba a mvula anamenya malata. Pasikirini, pafupi ndi chigayo, magetsi anayamba kudontha kulowa pansi.

Kabati inatsitsa mawu. Kubuula kuja kunayamba, koma lero kunali pafupi, ngati kukuchokera pakati pathu. Mayi wina mwa alendo anagwira mkono wa mnzake. Kanyali ka chodulira, kamene kanali kofiira, kanabwerera kobiriwira popanda wokhudza.

"N'zazing'ono izi," anatero a Gwaza akuseka ndi mano. "Pali kena kamasuka musefa."

Anatulutsa kiyi, anatsekula loko, anakweza chivundikiro. M'bokosimo munalibe kachipangizo ngakhale kamodzi. Munadzaza madzi ofiira amatope, mpaka m'milomo, ndipo pamwamba pake pankayandama ufa.

Anabwerera m'mbuyo, anaterereka pachinyontho chija cha pansi pa benchi, ndipo pofuna kudzigwira dzanja lawo lamanja linagwera pachitsulo pamene mawaya a kabati amalumikizana ndi chodulira. Pamenepo pamakhala chophimba nthawi zonse. Ndinali nditachimanga ndekha mmawa umenewo. Panalibe.

Zala zinafumbata chitsulocho. Mkono unauma, khosi linapindika, mano n'kulumana. Ndinalumphira batani lofiira lozimitsira zonse, ndinalimenya ndi chikhatho. Palibe chinachitika. Ndinathamangira kukhoma n'kugwetsa switchi yaikulu. Mababu onse anazima, zoziziritsira mpweya zinaima, sikirini inada. Kabati inapitiriza kubuula mumdimamo, ndipo kanyali kobiriwira kanali kakuyakabe.

Magetsi a m'kabati imeneyo akanafuna kupha, akanapha nthawi yomweyo. Awa sankafuna kupha. Ankagwira, n'kumasula pang'ono kuti munthu apume, n'kugwiranso. Bambo wina mwa alendo anatola mpando wathabwa kuti awakankhe nawo, koma atayandikira anaima, mpando n'kumugwa m'manja. Sindikudziwa chimene iye anaona. Ine, pakona pa diso, m'kuwala kochepa kochokera pakhomo, ndinaona chinthu chachikasu kumbuyo kwa a Gwaza, chikudontha. Pamkono pawo panali ngati pagona mkono wina. Ndikayang'anitsitsa, panalibe kanthu. Ndikayang'ana kumbali, chinalipo.

Estere analowa. Anayenda mosafulumira, anthu akumupatukira, n'kukaima patsogolo pawo.

"Nenani," anatero.

Magetsi anamasula pang'ono. A Gwaza anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi.

"Mayi... chonde..."

Anagwidwanso. Zidendene zinkamenya simenti.

"Ine ndinaima chonchi," anatero Estere. "Ndinadikira kuti chidula. Dikirani nanunso. Si chanu chomwe?"

Atamasulidwa kachiwiri anakuwa, "Sanamwe!"

"Ndani?"

"Zakeyu!"

"Si mnzanu wosewera naye. Mutchuleni bwino."

"A Likoswe! A Likoswe sanamwe mowa! Ndine ndinakulitsa sefa! Anandiletsa, anandiuza kuti chipha munthu, ine ndinawatumiza komweko!"

"Pamaliro munayankhula mokweza, mpingo wonse unamva. Apa mukunong'ona."

Anabwereza, akulira ngati mwana, mpaka antchito amene anasonkhana panja pamvula anamva liwu lililonse. Mmodzi mwa alendo anali atagwada, akupemphera m'chinenero chakwawo.

Kenako kubuula kunaleka. Zala zinatseguka, a Gwaza n'kugwera pansi m'matope. Chodulira sichinadule. Kanyali kake kanakhalabe kobiriwira mpaka madzulo, m'nyumba yopanda magetsi, kufikira ndinachimasula pabenchi n'kuchitulutsa panja.

Sanafe. Dzanja lija linapinimbira, zala zinapindikira m'kati, osatambasukanso. Kampani inatsekedwa, ndipo makina oyesera anagulidwa ndi bungwe lina limene linanditenga ndi ine ndemwe. Ntchito yanga yoyamba kumeneko inali kukonza chodulira kuti chizimva ngakhale chigayo chikulira. Tinachiyesa pa sefa yopyapyala, m'phokoso lamtundu uliwonse, n'kupita kukasintha cha ku Phalombe mvula isanakhwime. Pansi pa benchi sipananyowenso.

Koma kwa a Gwaza sizinathe. Kuchipatala anachita kupempha kuti awagoneke pakhonde, ati babu la m'wodi likubuula. Atatuluka, kunyumba kwawo anazula mawaya onse, koma mawaya a nyumba zoyandikana ankawamvabe akubuula. Sankadutsa pansi pa polo. Pomaliza anagulitsa zonse n'kubwerera kwawo, mudzi wina wa kumapiri a ku Neno, kumene kunalibe magetsi ngakhale a sola.

Patapita miyezi ndinakumana ndi Estere mumsika wa Limbe. Zakuda anali atavula, mwana wake wamkulu atamunyamulira thumba.

"Ndiye munakawauza a Likoswe kuti apume tsopano?" ndinafunsa mwana atatalikira.

Anayankha akusankha tomato.

"Ndinapita kumanda. Ndinagwada pamalo omwe aja. Mawu ndinali nditawakonza, achemwali, anali pamlomo penipeni. Ndiye ndinakumbukira mmene ankandiyang'anira ali m'matope muja. Ndinangozula udzu pamtumbira n'kubwerako."

Zaka zinadutsa. Bungwe lathu linalandira ntchito yopereka magetsi kumidzi ya kumapiri a ku Neno, ndipo ine ndi amene ndinkatsogolera. Tikudzala mapolo m'mudzi womaliza, kunabwera nkhalamba ina yovala malaya ong'ambika paphewa, dzanja lamanja litakulungidwa m'chiguduli. Ndinaizindikira ndi mano.

"A Nachisale," anatero a Gwaza, n'kugwada pafumbi pamaso pa antchito anga. "Ndapota nanu. Mzerewu muukhotetse. Udutse kutsidya kwa dambo. Kuno ndimagona. Ndi kuno kokha kumene ndimagona."

"Dzukani, bambo. Kuno kuli sukulu, kuli chipatala chaching'ono, azimayi akuchirira pa nyali ya parafini. Sindingaukhotetse mzerewu. Koma musaope, chodulira chake n'chabwino. Tinachiyesa moona."

"Si chodulira chimene ndikuopa," anatero.

Tsiku loyatsa magetsi mudzi wonse unasonkhana pabwalo la sukulu. Kunali ng'oma, kunali kwaya. M'khamumo ndinaona mayi wina wovala chitenje chatsopano ndi duku lake, amene sanali wa m'mudzimo. Anali Estere. Anamva pawailesi, n'kukwera minibasi, kenako lole, kenako kuyenda pansi.

Ndinakweza switchi dzuwa litapendeka. Mababu a pasukulu anayaka, nthungululu n'kumveka mpaka kuphiri. Estere sanayang'ane mababuwo. Maso ake anali pakanyumba kena ka udzu kumapeto kwa mudzi, kamene polo lathu lomaliza linaima pafupi nako.

Chitseko cha kanyumbako chinatseguka. A Gwaza anatuluka ndi kamtolo kukhwapa, dzanja lamoyolo litatseka khutu. Anatsetserekera kudambo, akupunthwa, akucheukacheuka, n'kuyamba kukwera phiri la kutsidya, kulowera kumalire. Ana ena anawaseka. Koma agalu onse a m'mudzimo anali atakhala chete, atayang'ana kanjira kamene anadutsa, ngati mukuyenda munthu wachiwiri.

Ndinapita pamene anaima Estere.

"Mayi, sizinakwane?"

Anawaperekeza ndi maso mpaka analowa m'mitengo. Kenako anakonza duku lake, n'kuyang'ana mapolo athu atandandalika kuchokera kuchigwa.

"Kuseri kwa phiri ilo kulinso midzi?" anafunsa.

"Ilipo."

"Mudzafikako liti?"

"Mwina chaka chamawa."

"Chabwino," anatero. "Mudzandiuze. Ndidzabwera."